Achemwali, za nkhonozo mvereni kaye

Achemwali, ngati supavaiza wakuuzani kuti musankhe pakati pa nkhono ndi C. elegans, kanyongolotsi kakang'ono kwambiri, pa kafukufuku wa Honours wotsata mzere wa maselo a mluza (kuti selo lililonse lachokera kwa liti dzira likamagawika), musamuyankhe usiku uno. Ine ndinatenga nkhono. Mpaka lero ndikaona botolo la madzi a padamu mtima umachita kuwawa.

Osati nkhono ndi zoipa, ayi. Dzira lake likagawika n'kufika maselo anayi, A, B, C ndi D, kugawika kwachitatu ndiye pamene pagona nkhani. Timaselo tinayi tating'ono timatuluka pamwamba, koma sitikhala molunjika pa aakulu aja, timapotoka n'kukhala m'mipata. Mbali imene tapotokera ndi imene chigoba chidzapotere nkhonoyo ikakula, ndipo zimalamulidwa ndi chibadwa cha make, osati cha mwanayo. Mu 2009 Reiko Kuroda ndi anzake ku Japan anakankha timaseloti ndi timitengo tagalasi, nkhono n'kukula chigoba chitapotera mbali inayo. Physa acuta imene ndinkatola m'madamu a muno mu Joni imapotera kumanzere, chimodzimodzi Bulinus wa likodzo uja wa kunyanja kwathu. Mphindi ya kugawika kwachitatu ija ndi imene ndinkafuna kujambula.

Nkhono siiikira mazira pa nthawi yanu. Unali 2023, magetsi ali pa stage 6 ya load shedding, akuzima maola ambiri pa tsiku. Usiku wina cha m'ma 1 koloko ndinapeza mazira atsopano atamatirira pagalasi, ndinang'amba utomoni wake ndi singano manja akunjenjemera, ndinaika pa maikulosikopu, maselo awiri, kenako anayi, oonekera bwino zedi. Kamera yayamba. Magetsi thi! Sindinade nkhawa poti kompyuta ndi nyale ya maikulosikopu ndinali nditazilumikiza ku UPS, batire yothandiza magetsi akazima. Koma sikirini nayo bii. Ndikuunika ndi foni pansi pa tebulo, ndapeza pulagi yanga ili pansi, mu UPS muli chaja ya laputopu ya mkulu wina wa PhD amene anapita kwawo madzulo. Jenereta inkangopatsa mphamvu mafiriji. Ndinayesa kuunika galasi ndi tochi ya foni, ndinkangoona chifunga. Ndinabwezera pulagi, kompyuta ija yakale n'kuyamba kudzipanga update, amayi inu! Pamene chithunzi chinkabwera maselo anali atadutsa kale asanu ndi atatu, osadziwikanso kuti uyu wachokera kwa ndani. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira mpaka kunja kuyera, kenako taxi ya ku Rosettenville maso ali psuu.

Munthuyo ngakhale pepani. Anati ndikanamata pepala pa pulagi. Patapita masabata, yemweyo akuti akundithandiza, anathira madzi a pampopi m'mathanki anga, klorini n'kupha nkhono zoikira zonse. Fungo lake Lolemba m'mawa musandifunse. Supavaiza anangoti bwerezani, ngati bursary nayo imabwerezedwa. Anthu ena mu labu amaona wa Honours ngati wotsuka mabotolo, makamaka ukakhala wakunja sufuna kuyambana ndi munthu chifukwa cha study permit, umangomeza.

Ndiye tengani C. elegans mupume. Imakula m'masiku atatu, mukhoza kuisunga mufiriji ya -80 n'kudzaidzutsa, ndipo mapu alipo kale: John Sulston anamaliza mzere wa mluza wonse mu 1983, wamkulu amakhala ndi maselo a thupi 959, ena 131 amafa mwadongosolo panjira. Komanso amene anayambitsa zofufuza kanyongolotsi kameneka, Sydney Brenner, anabadwira ku Germiston pompa n'kuphunzira ku yunivesite ya Wits, Nobel anatenga mu 2002 limodzi ndi Sulston ndi Robert Horvitz.

Koma ngati funso lanu ndi la kusintha kwa zamoyo, kanyongolotsi kokhako sikakuyankhani, kali ndi njira yakeyake. Kukoma kuli ku nkhono. E. B. Wilson mu 1892 anatsata maselo a Nereis, nyongolotsi ya m'nyanja, E. G. Conklin mu 1897 anatsata a nkhono ya Crepidula, onse akujambula pamanja, n'kupeza kuti selo limodzi lomwelo, lotchedwa 4d, ndi limene limabala mbali yaikulu ya mesoderm (gawo la mluza limene limapanga minofu) mu nyama ziwiri zimene zikakula sizifanana n'komwe, zimene makolo ake anasiyana zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Pomwe octopus, m'bale wake weniweni wa nkhono, anataya kagawikidwe kopotoka konseko. Sea urchin, kanyama ka minga ka m'nyanja, ndi nkhani ina, Hans Driesch analekanitsa maselo awiri oyamba, lililonse n'kupanga kamwana kathunthu. Dzira la ntchentche ya Drosophila limagawa ma nucleus (phata la selo) ka 13 lisanamange makoma a maselo. Zoterezi mu thesis zimakoma, ndipo nditabwerera ndikanatengabe nkhono.

Mu labu musakhulupirire munthu, makiyi a thanki sungani nokha. Komabe pezani mnzanu wosinthana naye usiku, nokha simungathe. Funsani supavaiza musanasaine kuti UPS ndi ya ndani, ndipo yankho likhale pa imelo. Njira yochotsera mazira mu utomoni osawaphwanya ndinailemba, ndipezeni ku inbox ndikutumizireni.