Agogo, ine ndinabwerera zamalamulo, Baibulo likundifunanji?

Mdzukulu wina wandilembera kuchokera ku Uganda. Makolo ake anamutumiza ku Uganda Christian University, ku Mukono, kukaphunzira zamalamulo. Akuti: "Agogo, kuno akutiphunzitsanso Chipangano Chakale ndi Chatsopano, pali malamulo a kavalidwe, ndipo pali azibambo aimvi ophunzira zaubusa amene anzanga amawaseka. Pajatu ino ndi yunivesite, siilinso sukulu ya abusa. Ndilakwa ndikamazemba zimenezi?"

Ulakwa, mdzukulu wanga. Khala pansi ndikuuze pamene wapondapo.

Malo amenewo sanayambe ndi maloya. M'chaka cha 1913 mpingo wa Anglican unatsegula pa Mukono sukulu yosula abusa, n'kuitcha Bishop Tucker Theological College. Malowo anapereka ndi mfumu ya Chiganda, Ham Mukasa. Alfred Tucker, mwini dzinalo, anali bishopu wochokera ku England amene anafika ku Uganda mu 1890. Iye ankalimbikira kuti mpingo wa Aganda uzitsogoleredwa ndi Aganda eni ake, ndipo mu 1893 anadzoza madikoni oyamba achikuda m'dzikomo. Nthawi imeneyo azungu ambiri sankaganiza n'komwe kuti munthu wakuda angaime kutsogolo kwa mpingo.

Kwa zaka zoposa 80 sukuluyo inkangotulutsa antchito a mpingo. Inapirira ngakhale nyengo ya Idi Amin, pamene arkibishopu wa mpingowo, Janani Luwum, anaphedwa mu 1977 chifukwa chodzudzula nkhanza za boma. Ukamadandaula kuti mapemphero akutalika, uzikumbukira kuti mpingo umene uli pasukulu yakewo unalipirapo ndi magazi.

Nanga inasanduka bwanji yunivesite? Ana omaliza sekondale anachuluka, ndipo Makerere, yunivesite ya boma, sikanawalandira onse. Asilamu anatsegula yawo ku Mbale mu 1988, Akatolika yawo ku Nkozi mu 1993. A Anglican anayang'ana pa Mukono n'kuona kuti nyumba, aphunzitsi ndi mabuku zilipo kale, basi mu 1997, Livingstone Nkoyoyo ali arkibishopu, anamangira pomwepo. Mu 2004 boma linaipatsa chikalata choivomereza kwathunthu, ndipo inali yoyamba kuchilandira mwa mayunivesite omwe si aboma. Zaubusa sanazitaye, zilipobe ndi dzina lomwe lija la Tucker. Kwathu kuno sinodi ya Livingstonia inatsegulanso yake mu 2003, choncho usaone ngati ndi za ku Uganda kokha.

Tsono udzifunse wekha: mpingo ungavutikirenji kuphunzitsa loya, pomwe maloya ena amaphunzira kwina? Ine ndimaona kuti unatopa kulalikira Lamulungu kwa anthu amene Lolemba akalandira ziphuphu kuofesi. Unafuna kusula munthuyo asanakhale pampando. Maphunziro a Baibulo akukunyansawo ndi amene akupatsa eni sukulu chifukwa chokusungira. Ukawazemba, wadya mbali imodzi ya zimene makolo ako analipira n'kutaya inayo. Komanso unasaina pofika. Loya wa mawa amene akuphwanya pangano limene anasaina yekha, ine sindingamupatse mlandu wa munda wanga.

Za kavalidwe sinditaya nazo malovu. Kwa eni kulibe mkuwe. Vala monga anenera, buluku long'ambika pabondo ukavale patchuthi.

Chimene chandiwawa m'kalata yako ndi cha azibambo osekedwawo. Ambiri otere amakhala atatumikira kale m'midzi monga alaliki, asiya mkazi ndi ana kwawo, fizi yawo asonkhera ndi akhristu osauka. Chingerezi chawo chingakhale cholemera, kompyuta ingawavute, koma aika maliro, ayanjanitsa mabanja, aweruza milandu ya malire pansi pa mtengo iwe usanabadwe. Ukakumana nawo uzipereka moni ndiwe, ndi ulemu wa bambo ako. Ukawaona akulimbana ndi kompyuta, khala nawo pafupi uwathandize mwakachetechete, osaitana anzako kuti adzaonere. Kenako uwafunse momwe amathetsera mlandu wa chuma cha masiye, udzamva zimene mulibe m'mabuku ako. Anzako akayamba kuseka, sukufunika kuwalalikira. Ingosiya kuseka nawo.

Sindikuti uzingovomera chilichonse ngati nkhosa. Pamene anaitcha yunivesite, eni ake anasenza udindo wolandira mafunso. M'kalasi la Baibulo funsa zokuvuta, tsutsa ndi zifukwa, dzanja lili m'mwamba, mphunzitsi ali pomwepo. Zimenezo ndi zosiyana ndi kung'ung'udza kumbuyo kapena kutuma mnzako akulembere dzina iwe uli mtulo kuhositelo. Lamulo lina likakupsinja ndithu, pita kwa atsogoleri a ophunzira kapena kwa m'busa wa pasukulu ukanene.

Ndipo uwaimbire amayi ako, uwauze wekha kuti wakhala ukuzemba, asanamve kwa ena.