Funsani Dokotala: Mkaka suchotsa poizoni wa m'fakitale yosiyidwa

Adokotala, amuna anga anapeza ganyu yochotsa zinyalala m'fakitale ina yakale ku Chinika, mu Lusaka, yomwe inkakuta zitsulo ndi chrome kuti ziziwala. Eni ake anatseka kalekale, anangosiya matanki ndi madiramu. Agwirako masabata atatu. Pano ali ndi tizilonda m'zala tosapola, ndipo kamfuno sakuwasiya. Amamwa mkaka madzulo alionse monga anawauzira anzawo, ine ndimawathira ufa wa makapisozi pa zilondazo. Anabweretsanso madiramu awiri apulasitiki a kufakitaleko, ndinawatsuka ndi sopo ndipo tikusungiramo madzi akumwa. Tili ndi ana atatu. Kodi mkakawo ukukwanira? Mayi wa ku Kanyama

Mayi, mwafunsa za mkaka, koma ndikuona kuti chikukusowetsani tulo ndi madiramu aja ndi ana atatuwo. Tiyambire pamenepo. Lero lomwe lekani kumwa, kuphikira kapena kusambitsira ana madzi a mmenemo. Pulasitiki imamwerera mankhwala, ndipo otsala amabisala m'mikwingwirima ndi pakamwa pa diramu, pomwe sopo safika. Kuwiritsa madziwo sikuthandiza: moto umapha tizilombo, koma chitsulo chimene chasungunuka m'madzimo sichipsa, madzi akaphwera chimangochulukirapo. Kolorini amene timathira nthawi ya kolera nayenso sachichotsa. Musadziimbe mlandu, munachita zomwe mayi aliyense wosamala pakhomo akanachita. Komabe anawo awonedwe kuchipatala, makamaka wamng'onoyo.

Zilonda za bambowo tikuzidziwa bwino. M'mafakitale otere mumakhala chromic acid, madzi ofiirira ngati a malalanje, amene amasiya banga lachikasu pa simenti. Akalowa pa kabala kakang'ono pa chala amaboola kachilonda kozungulira, kozama, ka m'mbali molimba, ndipo kawirikawiri sikapweteka kwenikweni. N'chifukwa chake anthu amachedwa nako. Fumbi lake likamakokedwa ndi mpweya limadya khoma la pakati pa mphuno, kamfuno n'kuyamba, ndipo munthu akapitiriza khomalo limabooka. Chromium (ndiye chrome uja) wa mtundu umenewu, wotchedwa hexavalent, amayambitsanso khansa ya m'mapapo, koma zimenezo zimaoneka mwa anthu amene amupuma zaka zambiri. Masabata atatu si chifukwa choti mulire maliro, ndi chifukwa choti asiye msanga. Madzi obiriwira nthawi zambiri ndi nickel, amene amatulutsa zidzolo zoyabwa. Kumapezekanso cadmium, amene amakhazikika mu impso zaka 10 mpaka 30.

Tsopano mkaka. Chikhulupiriro chimenechi ndi chouma mutu, mudzachipeza kwa owotcherera zitsulo, opopera penti, ngakhale opopera mankhwala m'minda. Chinachokera ku mafakitale a ku Ulaya akale, kumene ogwira ntchito ya mtovu ankapatsidwa mkaka, ndipo mabwana anachikonda chifukwa mkaka ndi wotchipa kuposa kukonza fakitale. Taganizani njira yake: chrome walowera pakhungu ndi m'mapapo m'mawa, wafika m'magazi, mkaka ukulowa m'mimba madzulo. Akumana pati? Mkaka ndi chakudya chabwino, amwe ngati akuufuna, koma sutsuka magazi, sutsuka mapapo, subwezera mphuno yodyeka. Choipa chake chenicheni n'chakuti umamupatsa munthu mtima woti watetezeka, ndiye amabwerera m'thanki ndi manja osavala. Ndalama ya mkaka wa masabata atatuwo ikanagula magolovesi ochindikala ofika m'zigongono.

Ndipo pali chinthu m'malo amenewa chomwe sichidikira n'komwe madzulo. Mafakitale okuta zitsulo ndi zinc, mkuwa kapena siliva ankagwiritsa ntchito cyanide, ufa kapena timibulu toyera tooneka ngati mchere. Cyanide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wakupha m'mphindi zochepa, ndipo asidi m'fakitale yotere ali paliponse. Munthu wa ganyu akauzidwa kuti "khuthulira zonse m'diramu limodzi tichepetse katundu", ndiye ngozi imeneyo. Fungo lake si onse amalimva. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, kupuma mofulumira kapena kusokonezeka ali mkatimo, onse atuluke panja pamphepo. Amene wagwa m'thanki musamulowere, opulumutsa ndiwo amafera limodzi, itanani ozimitsa moto ndi ambulansi. Mankhwala akatayikira pakhungu kapena m'maso, vulani zovala ndi kuthira madzi ambiri kwa mphindi 20. Womeza musamusanzitse, asidi amawotchanso pobwerera.

Akatswiri akamayeretsa malo otere sayamba ndi kunyamula. Amayamba ayesa diramu lililonse, kulilemba, n'kuika a cyanide kutali ndi a asidi. Cyanide amamuphera m'thanki yakeyake ndi sodium hypochlorite (mankhwala a kolorini), madzi atawakweza pH (mlingo umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) kupitirira 10, chifukwa ikatsika mpweya woipa umatuluka. Chrome amamuchita mosiyana: pH amaitsitsa kufika pa 2 kapena 3, amathira sodium metabisulphite mpaka madzi achikasu asanduke obiriwira, kenako laimu kufika pa 8 kapena 9 kuti chitsulo chidikhe ngati matope. Mwaona kuti njira ziwirizi n'zotsutsana, wosakaniza matanki wapha anthu. Matope aja amawafinya, kuwaumitsa ndi kuwapereka kwa okhala ndi chilolezo. Simenti yachikasu ndi dothi la pansi pake amazikumba. Iyi si ntchito ya wilibala ndi fosholo. Lamulo la dziko la Zambia la Environmental Management Act la 2011 limafuna kuti wonyamula kapena wotaya zinyalala zoopsa akhale ndi chilolezo cha ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, ndipo aliyense angathe kukadziwitsa ZEMA kapena oyang'anira zaumoyo a Lusaka City Council. Mwina mukuopa kuti bambo ataya ganyu. Ndikumvetsa. Koma Lusaka wakhala pa mwala wa laimu wa ming'alu, ndipo ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Zimene akhuthulira m'ngalande ku Chinika zitha kutulukira m'zitsime za anansi anu, madzi akuoneka oyera bwinobwino. Malire a chromium m'madzi akumwa amene linaika bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mamiligalamu 0.05 pa lita, mlingo umene diso silingaone.

Za makapisozi, Mayi, apa ndikudzudzulani pang'ono. Chilondacho chabooledwa ndi mankhwala a m'fakitale, si tizilombo, ufawo ukungochiphimba ndi kuphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala. Masabata atatu a kamfuno ndi ambiri kukhala pakhomo chipatala chili pafupi.

Mawa m'mawa apite ku Kanyama First Level Hospital, anawo muwatengenso. Mawu oyamba kwa adokotala asakhale "ndili ndi zilonda", chifukwa angopatsidwa mafuta opaka n'kubwerera. Anene ntchito imene amagwira, masiku angati, mtundu wa madzi amene anagwira, ndi kuti ana amamwa za m'diramu la kumeneko. Ngati pa madiramu muli nawo pali zolembedwa, jambulani pafoni mukaonetse. Apemphe kuwaunika mkati mwa mphuno, kuyesa mkodzo ndi magazi kuti aone impso, kumva chifuwa, ndi katemera wa kafumbata ngati papita zaka asanabayidwe. Chromium amachepa mu mkodzo m'masiku ochepa munthu akasiya ntchito, ndiye ngati akufunika kuyesedwa zitsulo, kuchedwa kumafufuta umboni. Zoyesa zimenezo sizipezeka pa chipatala chilichonse, angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha UTH. Zilondazo zimapola m'masabata angapo akasiya kukhudza chrome, zimangosiya zipsera. Anzawo a pa ganyupo awauze apite nawo. Zovala ndi nsapato za kuntchito azimange m'thumba lapulasitiki, musazichapire pamodzi ndi za ana. Madiramuwo muwatseke, muwalembe kuti POIZONI, muwaike pomwe ana safika mpaka a ZEMA kapena a khonsolo akuuzeni kowapereka, ndipo wogula mapulasitiki akabwera pakhomo musamugulitse.