Ahedi odinda osawerenga

Aphunzitsi ena a giredi 4 ku Mabvuku, kuno ku Harare, andilembera imelo. Akuti ahedi awo sadzudzula munthu, anzawo amafika belu litalira kalekale, ndiye iwo atopa. Asiye kulimbikira kapena apemphe kusamuka?

Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Ndinaphunzitsa zaka 9 pasukulu ina ya pulaimale kuno ku Harare, ija ya ana ena m'mawa ena masana. Ahedi athu anali munthu wabwino, kumaliro ankafika ndi iwo poyamba. Koma masikimu, mabuku olembamo ndondomeko ya zimene tiphunzitse pa teremu, ankangodinda. Teremu ina ndinawayesa dala. Pakati pa sikimu ya masamu ndinalembapo kaphikidwe ka chigumu: mgaiwa makapu awiri, nthochi zakupsa, soda pang'ono. Buku linabwerera lili ndi chidindo patsamba lomwelo. Ndinaseka mu kombi njira yonse, koma nditafika kunyumba misozi inangotsika. Usiku wonse uja ndinkaswera mutu pakandulo magetsi atazima, ndinkalembera ndani?

Anthu amati vuto ndi malipiro. Inde, 2008 ndinaiona ndi maso angawa, malipiro osakwana ngakhale ya kombi, anzathu akukhamukira ku Joni ndi ku Botswana. Mu 2014, nthawi ya nduna ya maphunziro Lazarus Dokora, boma linaletsanso tindalama timene makolo ankatiwonjezera. Koma umphawi umenewo unkatigwera tonse mofanana. Chimene chimadya mtima n'china: mnzako wapita kukagulitsa kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo Lachiwiri m'mawa, ana ake onse awaunjika m'kalasi mwako, ena akhala pansi mpaka pabolodi, ahedi n'kumangoti "tithandizane aphunzitsi". Zotsatira za mayeso a boma a ZIMSEC a giredi 7 zikaipa, pamsonkhano mukalipiridwa nonse, dzina osatchula. Chimenecho si chifundo ayi, ndi mantha. Ndanena ndanena. Mhedi wolekerera amalipiritsa olimbikira ngongole ya aulesi.

Wa kaunjikayo sindimuda, nanenso ndinkagulitsa mafiriziti pa bureki. Koma kalasi langa sindinalisiyirepo munthu.

Tsono mutani?

Musathamangire kusamuka, kumene mukupitako ahedi ake simukuwadziwa. Muzilemba m'kabuku tsiku lililonse limene mwasungira mnzanu kalasi. Kwa ahedi mupite muli awiri kapena atatu, mukapemphe chimodzi chokha: belu likalira, m'buku losainira azidulamo mzere, ochedwa azisaina pansi pake. Zikakanika, kambiranani ndi oimira mabungwe a aphunzitsi, ZIMTA kapena PTUZ, kenako mupite ndi kabukuko ku ofesi ya District Schools Inspector, woyang'anira masukulu a m'dera lanu.