Ndalama yowolokera malire ija, musam'patse

Mayi wina wa ku Mtendere wanditumizira imelo. Mlongo wake wamng'ono wapeza munthu woti amuwolotse pa Chirundu ndi pa Beitbridge mpaka Joni wopanda pasipoti, ndiye akufunsa ngati am'bwereke ndalamazo. Amayi, mwandikanda pachilonda.

Ine ndinagulitsa mashini anga osokera chifukwa cha nkhani yomweyi. Anali mphwanga. Munthu wake tinakumana naye kuseri kwa siteshoni ya mabasi, wovala bwino, mafoni awiri m'manja, aliyense akumutcha bosi. Ndalama anawerenga akunyowetsa chala, n'kunena kuti pofika Lachisanu mnyamatayu adzakhala akudya nsima ku Joni. Usiku wachitatu foni inalira. Anali mawu achilendo, akuti ndalama ija inathera pa Chirundu, ndikapanda kuwonjezera am'siya m'mphepete mwa Limpopo, maguma-guma, achifwamba a pamalirepo, athane naye. Ndinathamangira pa kabuthu ka mobile money nditavala patapata wosiyana. Ndinatumiza kawiri. Bosi uja foni zake zonse zinali zozima.

Mphwangayo anabwerako, inde, atawonda ngati bango, ndipo mpaka lero salola kugona chitseko chili chotseka. Za m'thilaki imene anam'nyamuliramo sanenapo kanthu. Amangoti munali fungo la dizilo.

Chimene chimandipsetsa mtima n'choti timayesa zimenezi zimagwera anthu akutali okha. Mu Disembala 2022 mitembo 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, pompano pa Lusaka, ndipo apolisi anati akuoneka kuti ndi a ku Ethiopia. Miyezi iwiri izi zisanachitike, ku Malawi anafukula manda a anthu ambirimbiri m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Mu 2020 ku Tete anthu 64 anafera m'kontena. M'minibasi anthu ankangoti "Aitiopiya awa amafunanji kuno?" Amafuna chomwecho chimene mlongo wanu akufuna, ndipo nawonso kwawo kuli wachibale amene anagulitsa munda. Msewu wake ndi womwewu, kuchokera ku Nakonde kutsikira ku Chirundu. Kwa owolotsawo munthu ndi katundu basi, akafooka amam'tsitsa. Musandiuze kuti ena amathandiza. Wothandiza sazima foni.

Komanso ife achibale tili ndi mlandu. Wina akabwera pa Khrisimasi ndi wailesi yaikulu timam'yalira mphasa, osafunsa kuti amagona anthu angati m'chipinda chimodzi.

Nanga muchite chiyani?

Mzambia wokhala ndi pasipoti safunika viza kuti akacheze ku South Africa, ngakhale kugwira ntchito kumafuna chilolezo chake. Ndalamazo mukalipirire pasipoti yake nokha, risiti musunge. Pasipotiyo ikatuluka, akakwere basi pa siteshoni ya Intercity masanasana, tikiti ili m'thumba, ndipo mukhale ndi nambala ya amene akam'landire.