Kwa alamu ku Mkanda, za mwana wagwa pa bedi

Alamu, uthenga wanu ndaumvera, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ku ntchito. Ndiyankhira pagulu pompano kuti agogo nawonso amve. Mwati mwana wa miyezi 8 uja wagwa pa bedi m'mawa, wagunditsa mutu pa simenti, ndiye mukufunsa ngati mungodikira, poti agogo akuti khanda silivulala, mafupa ake ndi ofewa, komanso mkulu wake wa zaka 9 anagwa pa ngolo chaka chatha nadzuka bwinobwino.

Ayi alamu, awiriwa musawaike pamodzi. Tamuyang'anani mwanayo akakhala pansi, mutu umamulemera, khosi lidakali lanthete. Khanda likamabadwa, mutu wokha umatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wake wonse, n'chifukwa chake likagwa umatsogola ndi mutu. Chigaza chake ndi chopyapyala, liwombo silinatseke, limatseka akamayandikira chaka ndi theka, ena mpaka zaka 2. Kufewa kumene agogo akunenako ndi zoona, koma ndiye kuti zam'kati sizitetezeka mokwanira. Wa zaka 9 uja ubongo wake unatsala pang'ono kufika kukula kwa munthu wamkulu, komanso amatha kunena kuti mutu ukundiwawa. Khandali lingolira basi.

Agogo musakhumudwe, ngakhale ophunzira ankaganiza ngati inu. M'zaka za m'ma 1930, mayi wina wofufuza ku Yale ku America, Margaret Kennard, ankachotsa kachigawo ka ubongo wa anyani. Anaona kuti tiana ta anyani tinkayambiranso kuyenda ndi kugwira zinthu bwino kuposa anyani akuluakulu. Anthu anaitenga nkhaniyo kuti mwana amachira msanga. Koma akatswiri ena atapitiriza kufufuza pa makoswe, pa tiana ta nkhumba ndi pa ana enieni, zinaoneka kuti ubongo wonse ukagwedezeka, wamng'onoyo ndiye amapweteka kwambiri. Choipa chake vutolo limabisala. Zili ngati chimanga cholowedwa kapuchi, masamba obiriwira ndithu, umadzadziwa pobereka. Mwana amayenda, amalankhula, koma akafika sitandade 3 kapena 4 aphunzitsi ayamba kudandaula kuti amaiwala, sakhazikika, sachedwa kupsa mtima. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza kudziletsa, imakhwima munthu atapitirira zaka 20, ndiye ikavulala lero sizionekera lero. Sindikuti zichitika kwa wathuyu ayi, ana ambiri ogwa pa bedi amakhala bwino. Ndikungokana zakuti khanda silivulala.

Tsono mverani. Ngati anakomoka ngakhale pang'ono, wasanza kangapo, akukana bere, akungogona osafuna kudzuka, akunjenjemera ngati khunyu, liwombo lafufuma, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi, pezani galimoto pompano. Gwiraninso mutu wonse pang'onopang'ono. Chotupa cha pachipumi sichiopsa kwambiri, koma cha m'mbali pamwamba pa khutu kapena kunkhongo, makamaka chofewa, chimenecho akachione a dokotala lero lomwe. Akaona kuti pakufunika kujambula m'mutu, a chipatala cha boma ku Mchinji amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ine kunena zoona, wa miyezi 8 wogunda pa simenti ndingapite naye ngakhale akuseka. Musapake kanthu paliwombo, aspirin musampatse. Ndipo akalira usiku, aliyense womulera, makamaka atsikana aja, asamugwedeze mwamphamvu pomutonthoza, kugwedeza kokhako kumatha kudula timitsempha ta m'mutu.

Achimwene, ngati muli kumunda bwererani muwaperekeze. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto, mwana akhale kutsogolo pachifuwa, mutu mutaugwira, osati kumsana. Ndijambulireni pamene patupapo munditumizire, ndipo mukafika mundiimbire.