Za wilo ya Bambo, yankho kwa achimwene

Eee achimwene, uthenga wanu ndaumva, kungoti ndinali ku chigayo. Mukufunsa ngati kukamba ndi Bambo za wilo, kalata yonena mmene chuma chawo chidzagawidwire akadzamwalira, si kuwaitanira imfa. Ayi achimwene, si choncho. Ine chomwe chimandisowetsa tulo ndi Amayi.

Mukukumbukira zomwe zinawachitikira azakhali aja amuna awo atamwalira? Maliro asanathe n'komwe, achibale a mwamuna anali atayamba kale kuzula malata pa khitchini. Ndinawapeza azakhali atakhala pa mphasa, pambali pawo pali mapoto awiri ndi ndowa, basi. Sindifuna Amayi adzaone zimenezo.

Lamulo lilipo, la chuma cha masiye, la chaka cha 2011. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu amamangidwa nawo. Munthu akamwalira opanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, kuphatikizapo ana a kunja kwa banja, komanso amene ankadalira malemuyo. Koma njira yake ndi yaitali, kwa DC, kwa Administrator General (ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha anthu omwalira), kupita n'kubwerera, pomwe Amayi akufunika ndalama ya mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi.

Wiloyo sivuta monga anthu amaganizira. Ilembedwe papepala, ngakhale m'Chichewa, Bambo asainire pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, mbonizo zisainirenso iwo akuona. Mbonizo tisakhale ifeyo olandira katundu, kuti mawa wina asadzati tinawakakamiza. Abusa kapena anzawo a ku mpingo angathe. Atchulemo munthu amene akumukhulupirira kuti adzayendetse zogawazo. Ndipo tichite panopa mutu wawo ukugwira bwino, chifukwa akadzayamba kuiwalaiwala, pepalalo anthu adzalitsutsa. Ngati ya loya yavuta, ku Legal Aid Bureau amathandiza.

Munda wa kumudzi uja ndi nkhani ina, ndi wa kuchikazi kwa Amayi, umenewo tikhale pansi ndi amalume komanso amfumu. Koma nyumba ya ku Zomba ilowe mu wilo, ndi akaunti ya ku banki. Mapepala a nyumbayo ali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi lawo, ndinawaona Khirisimasi ija, ena ayamba kudyedwa ndi chiswe m'mbali.

Inunso achimwene, kafufuzeni fomu ya penshoni kuntchito kwanu. Ndalama imeneyo kawirikawiri imatsata mayina amene munalemba pa fomupo, ndipo munadzaza musanakwatire alamu.

Kwa Bambo musayambe ndi mawu oti wilo. Mungowafunsa kuti, "Bambo, nyumbayi mukufuna idzakhale bwanji kuti Amayi asadzavutike?" Kenako mukhale chete, alankhule okha. Ine Loweruka ndikupita, ndikawaphikira chambo. Mukakwanitsa thiransipoti bwerani, amakumverani inuyo kuposa ine.