Zilonda zofiira pa makumba, chotsani zakufazo lero lomwe

Achimwene, poti mwati makumba a m'damu mwanu akufa ndi zilonda zofiira, zakufazo vuulani lero lomwe mukazikwirire kutali ndi damu. Ine zinandithera makumba mu Okutobala, madzi atatentha ndi kuphwa. Ndikati ndilawire m'mawa ndinkapeza zayandama chagada, mimba zotupa, mamba atathothoka, m'tsinde mwa zipsepse muli magazi okhaokha. Zamoyo zinkangozungulira m'mphepete kukamwa kuli yasa. Nditang'amba imodzi munatuluka madzi ofiirira onunkha, mopumira mwake muli mbuu ngati munthu wotha magazi. Ana ndi amene ankanyamula ndowa kukataya, fizi yawo ili momwemo.

Alangizi a nsomba anati ndi bakiteriya wotchedwa Aeromonas hydrophila. Kachilomboka kamakhala m'madzi a damu nthawi zonse, kamangodikira nsomba yofooka kapena yovulala. Kuti kaswane kamafuna ayironi, ndipo nsomba imabisa wake: wina amamangidwa ndi puloteni yotchedwa transferrin, wambiri ali m'maselo ofiira a magazi. Ndiye kamatulutsa timankhwala totchedwa siderophore, take ndi amonabactin, timene timakanganira ayironi uja n'kumubweretsa kwa iko. Kamatulutsanso poizoni, aerolysin, woboola maselo ofiira kuti katenge ayironi wa mu hemoglobin, puloteni yofiiritsa magazi. Kutuwa kuja ndi magazi aja gwero lake ndi limeneli. Yakufa ikamaolera m'damu, mukungokapatsa chakudya.

Chimandiwawa mpaka pano ndi amene anandigulitsa mbewu ya nsombazo, munthu woti timapemphera limodzi. Anadzaza tiana mu dilamu, ulendo wonse padzuwa, tina tinafika titasupuka kale. Nditamuimbira akuti mukuzimana chakudya, onjezani madeya ndi zitosi za nkhuku. Madeya pa nsomba zoti zasiya kudya! Kenako foni osayankhanso, ndalama yanga osabweza ngakhale kobiri.

Inuyo siyani kudyetsa kaye, manyowa ayi, lowetsani madzi atsopano, ndipo ukonde wa damu limenelo usalowe kwina musanauyanike bwinobwino. Makapisozi a pagolosale musathire, mungotaya ndalama. Komabe alangizi akanena za mankhwala a oxytetracycline osakaniza m'chakudya, tsatirani mlingo wawo. Aitaneni adzaone okha, chifukwa nthenda ya nsomba yotchedwa EUS imene inabuka ku Mchinji mu 2020 imabweretsanso zilonda zofanana, koma imeneyo gwero lake si bakiteriya. Mukakolola umitsani damu, muthire laimu. Mbewu muzigula kwa munthu amene mukumudziwa bwino, ndipo mukaione ili m'damu mwake musanalipire.